Msana wa Nyumba Yosanja: Tiganizire Faiba Maziko Asanakumbidwe

Pulogalamu ya luso ndi zomangamanga
Malo: Msika wa Lizulu, Ntcheu
Kutalika: mphindi 30

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO. PHOKOSO LA MSIKA LIMVEKE PANSIPANSI)

WOULUTSA: Moni amayi ndi abambo a pano pa Lizulu, a ku Mlangeni, a ku Tsangano, a pa boma pa Ntcheu, ndi inu abale athu a tsidya la msewu ku Angonia. Lero tikulankhula kuchokera kulikulu la Inkosi ya Makhosi Gomani, pamsika umene umadyetsa Lilongwe ndi Blantyre kabichi, kachewere, tomato, anyezi ndi karoti.

Nkhani yathu ndi ya zingwe za faiba: tingaziyale bwanji m'nyumba yosanja ya maofesi kuti netiweki isamadukeduke? Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale mumtima kuti Lizulu ndi nyumba zosanja zikukhudzana pati. Bambo anga, mayi anga, amene mukukweza matumba a kachewere pa lole lero ndinu amene mudzamange nyumba za maofesi mawa, kaya pano, kaya pa Ntcheu, pa Dedza kapena ku Lilongwe. Ana amene akukuthandizani kuwerenga ndalama madzulo ndi amene adzakhale amisiri ake. Komanso nkhani imeneyi palibe malo amene imamveka bwino kuposa m'mbali mwa msewu wa M1.

(PHOKOSO LA LOLE IKUDUTSA)

WOULUTSA: Taimani nane pano. Kabichi amene waunjikidwa apayu sanamere pa tala. Wachokera kumadimba, wina pamutu, wina panjinga, wina pangolo, kudzera m'tinjira tambirimbiri, ndipo tinjira tonseto tathera pamsewu waukuluwu. Kanjira kamodzi kakakokoloka ndi mvula, amadandaula ndi alimi a mudzi umodzi. Koma M1 ukaduka, msika wonse umagona ndi katundu, tomato n'kuyamba kuwolera m'madengu.

M'nyumba ya maofesi ndi momwemonso. Kompyuta iliyonse, foni ya pa desiki, kamera ya alonda, kabokosi ka Wi-Fi, chilichonse chili ndi kanjira kake. Tinjira ta pa nsanjika imodzi timakumana m'kachipinda kamodzi. Ndiye pali chingwe chachikulu chimene chimachoka m'kachipindako kupita kuchipinda chachikulu cha makina, kumene nyumba yonse imalumikizana ndi dziko. Chingwe chimenechi amisiri amachitcha backbone, ndiye kuti msana. Munthu akathyoka chala amapitabe kumunda. Akathyoka msana, manja ndi miyendo zili bwinobwino, sadzuka pamphasa.

Mfundo yanga lero ndi imodzi, ndipo ndiibwereza mpaka muitenge: msana wa nyumba umaganiziridwa nyumba ikadali papepala, ndipo umapatsidwa njira ziwiri.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Kodi faiba n'chiyani? Ndi kaulusi ka galasi loyera kwambiri. Kuonda kwake, timaulusi 8 mutatindandalika pamodzi ndiye timakwana milimita imodzi. M'kati mwa kaulusiko muli mtima wake, woonda kuposa pamenepo, ndipo mumtimamo ndi mmene mumadutsa kuwala. Makina a mbali ino amaphethiritsa kuwala, kuyatsa ndi kuzimitsa kambirimbiri pa sekondi imodzi, makina a mbali inayo n'kumawerenga. Kuphethira kumeneko ndiwo mawu anu, chithunzi chanu, ndalama zanu za kubanki. M'galasimo kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi.

Nzeru imeneyi si yadzana. Mu 1966 Charles Kao ndi mnzake George Hockham, akugwira ntchito ku England, anasonyeza kuti galasi likayeretsedwa mokwanira lingathe kunyamula uthenga mtunda wautali. Mu 1970 kampani ya Corning ku America inapanga ulusi woyamba wotere. Kao analandira mphoto ya Nobel mu 2009, chaka chomwecho chimene chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinayamba kugwira ntchito kugombe la kum'mawa kwa Africa. Chinzake cha EASSy chinatsatira mu 2010.

Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera kwa anansi: ku Tanzania, ku Mozambique, ku Zambia. M'dziko muno muli zingwe za makampani monga Open Connect Limited, imene inatuluka mu MTL, ndi SimbaNET. Mu 2017 boma linayamba ntchito ya National Fibre Backbone, yomangidwa ndi Huawei ndi ngongole yochokera ku China. Gawo loyamba linatha mu 2018, zingwe za makilomita oposa 1,000 zitakolekedwa m'mizere ya magetsi ya ESCOM. Mu 2022 kunatsegulidwa National Data Centre ku Blantyre. Mwamva dzinalo? Backbone. Dziko nalo lili ndi msana wake.

Koma tamverani. Uthenga ungathe kuwoloka nyanja, kudutsa Dar es Salaam kapena Maputo, kuyenda makilomita mazanamazana m'mapiri, n'kudzafera pakhomo panu, pakati pa nsanjika yoyamba ndi yachiwiri, chifukwa chingwe chinapanidwa ndi chitseko. Boma ndi makampani amafikitsa chingwe pageti. Kuchokera pageti kukwera m'mwamba, udindo ndi wa mwini nyumba.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Wina afunsa kuti, nanga nthambo za mkuwa zimene tinazolowerazi zalakwanji? Sizinalakwe. Kuchokera m'kachipinda kupita pa desiki, mkuwa ndiwo woyenera, ndipo umanyamulanso magetsi a kamera ndi kabokosi ka Wi-Fi. Koma uli ndi malire ake. Nthambo ya mkuwa ya netiweki siyenera kupitirira mamita 100: mamita 90 a m'khoma ndi mamita 10 a tizingwe tolumikizira. Mukapitirira apo uthenga umayamba kutayika.

Chachiwiri, msana umasenza katundu wa anthu onse. Desiki imodzi ndi njinga ya kabichi. Msana ndi lole ya matani 30. Ngati pa nsanjika pali anthu 50, onsewo akudutsa pachingwe chimodzi.

Chachitatu, ndipo ichi a kuno kumapiri mukuchidziwa bwino, ndi mphezi. Mkuwa umanyamula magetsi. Mphezi ikagwa pafupi, mphamvu yake ingathe kuyenda m'nthambo kuchokera pansi mpaka pamwamba, n'kuwotcha makina a nsanjika zonse. Galasi silinyamula magetsi. Silisokonezedwanso ndi nthambo zikuluzikulu za magetsi, mota ya chikepe kapena jenereta. N'chifukwa chake, ngakhale nyumba ili ya nsanjika zitatu zokha ndipo mkuwa ukanafika, ine ndimalangiza faiba pamsana.

(PHOKOSO LA MSIKA LIKWERE, KENAKO LITSIKE)

WOULUTSA: Tsopano tiyeni timange. Tiyerekeze kuti mwagula malo, mukufuna nyumba ya nsanjika zinayi: pansi banki ndi masitolo, pamwamba maofesi a lendi. Mwakhala pansi ndi wojambula pulani. Mumufunse zinthu zitatu.

Funso loyamba: chipinda chachikulu cha makina chili pati? Chikhale pouma, posafika madzi osefukira, kutali ndi zimbudzi ndi mapaipi a madzi, chokhala ndi chitseko chokhoma. Chisakhale kunsi kwa masitepe kumene amaponyako makolopa ndi zidebe.

Funso lachiwiri: nsanjika iliyonse ili ndi kachipinda kake ka netiweki? Kachipindako kakhale pakatikati, kuti desiki yakutali kwambiri isapitirire mamita 90 a nthambo. Nyumba ikakhala yaitali ngati sitima, nsanjika imodzi ifunika tizipinda tiwiri. Ndipo tizipinda ta nsanjika zonse tikhale mosanjikizana, kena pamwamba pa kanzake, kuti chingwe chikwere chowongoka ngati nsungwi.

Funso lachitatu: mpata wokwerera zingwe wasiyidwa? Pothira konkire ya silabu, amisiri asiyiretu mabowo ndi mapaipi. Paipi ya pulasitiki yoikidwa konkire isanathiridwe mtengo wake ndi wochepa. Kuboola silabu youma kumafuna makina, kumadya ndalama, ndipo mmisiri wosasamala angadule zitsulo zimene zagwira nyumba. M'mera mpoyamba. Mapaipiwo musawadzaze; musiye malo opitirira theka, chifukwa amene adzachite lendi zaka 10 zikubwerazi adzafuna zingwe zina.

Kayalidwe kake nako n'kofunika. Pali amisiri ena amene amachotsa chingwe pansi kupita pa nsanjika yoyamba, kuchoka apo kupita yachiwiri, kuchoka apo yachitatu, ngati mkanda. Zimaoneka zotchipa. Koma makina a pa nsanjika yoyamba akazima, onse a pamwamba aferatu. Njira yabwino ndi ya masipoko a njinga: nsanjika iliyonse ikhale ndi chingwe chakechake chochokera kuchipinda chachikulu, monga sipoko iliyonse imachokera pa habu. Sipoko imodzi ikaduka, wilo limazungulirabe. Malamulo a kayalidwe ka zingwe amene amisiri padziko lonse amatsata, TIA-568 ndi ISO/IEC 11801, amalimbikitsa kayalidwe kameneka.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tafika pamtima pa nkhani yathu, njira ziwiri.

Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Pa nkhani za mtima wa munthu mwambiwu ndi woona. Koma pa zingwe, mphunzitsi wathu ndi mbewa. Anyamata okumba mbewa akudziwa kuti mbewa yochenjera sikhala ndi una umodzi. Imakhala ndi una wina wothawira, ndipo suyandikana ndi khomo. Madalaivala a malole a kabichi akudziwanso. Ukafika pa Chingeni, ungathe kupita ku Blantyre kudzera pa Zalewa, kapena kukhota kudzera ku Balaka, Liwonde ndi Zomba. Njira ina ikavuta, katundu amafikabe.

Nyumba yanu ikhalenso choncho. Nsanjika iliyonse ilandire zingwe ziwiri, china chokwera mbali ya kum'mawa, china mbali ya kumadzulo. M'chipinda chachikulu mukhale makina awiri ogawa netiweki, amene amisiri amati ma switch, ndipo zingwe ziwirizo china chilowe mu switch iyi, china mu inayo. Makinawo amakonzedwa mwakuti njira imodzi ikafa, uthenga umadzera kwinako wokha, wogwira ntchito pa desiki osadziwa n'komwe.

Koma chenjerani ndi njira ziwiri zabodza. Tsiku lina ndinaitanidwa kunyumba ina yosanja mumzinda, kumene maofesi a nsanjika ziwiri zapamwamba anakhala tsiku lathunthu opanda netiweki. Mwini nyumba anali wokwiya, ndipo anali ndi chifukwa, poti analipira zingwe ziwiri. Titatsegula, tinapeza zingwe zonse ziwiri zili m'paipi imodzi. Mmisiri wina amene ankakhoma chitsulo pakhoma anaboola paipiyo, n'kudula zonse kamodzi. Amayi ndi abambo amene malipiro awo amayenera kutumizidwa tsiku limenelo anabwerera kunyumba chimanjamanja. Zinandipweteka, chifukwa kusiyanitsa njira za zingwezo pomanga kukanangofuna paipi imodzi yowonjezera.

Zoterezi zimachitika ngakhale pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka tsiku limodzi kunyanja ya kumpoto kwa Durban, ndipo intaneti inafooka ku Tanzania, Mozambique, Kenya ndi kuno kwathu. Zingwe zinali ziwiri, makampani awiri, koma pamalo pamenepo zinayandikana.

Choncho chingwe chochokera kunja nacho chilowe m'nyumba pa makomo awiri, china kumaso, china kuseri. Ngati thumba likulola, tengani intaneti kumakampani awiri, ndipo muwafunse mosachita manyazi kuti, "Chingwe chanu chadzera msewu uti? Chili m'ngalande imodzi ndi cha anzanuwa?" Nthawi zina makampani awiri amabwereka chingwe kwa mwini mmodzi. Safunsa anadya phula. Kumene kampani ya faiba ndi imodzi yokha, njira yachiwiri ikhale ya mumlengalenga, ya netiweki ya mafoni kapena ya kambale ka padenga. Ingakhale yocheperako mphamvu, koma ntchito siima.

(NYIMBO. IKWERE KWA MASEKONDI 20, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tili pa Lizulu, ndipo tikukambirana za msana wa faiba m'nyumba yosanja ya maofesi.

Tsopano mwafika kwa wogulitsa. Akufunsani kuti mukufuna faiba ya mtundu wanji. Mitundu ikuluikulu ndi iwiri.

Woyamba ndi multimode. Mtima wake ndi wokulirapo, ma micron 50, ndipo micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Imagwira bwino mtunda waufupi. Pa liwiro la ma gigabit 10 pa sekondi, ya OM3 imafika mamita 300, ya OM4 mamita 400. Kawirikawiri khungu lake limakhala lobiriwira motuwira kumtambo. Tizipangizo take towunikira timakhala totchipirapo.

Wachiwiri ndi single-mode, imene pa chingwe amalemba OS2. Mtima wake ndi ma micron 9 okha, khungu lake lachikasu. Pa liwiro lomwelo imafika makilomita 10 ndi tizipangizo wamba. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukadzafuna liwiro lalikulu m'tsogolo, mudzangosintha tizipangizo ta kumapeto, chingwe cha m'khoma osachikhudza.

M'nyumba ya nsanjika zinayi mitundu yonse iwiri ifika. Langizo langa ndi ili: ngati mukumanga nyumba yoti adzadyerepo adzukulu, ikani single-mode, kapena chingwe chokhala ndi mitundu yonse iwiri. Chimene simuyenera kuchita ndi kulumikiza mtundu wina ku unzake, kapena kugula kachipangizo ka multimode n'kukaika pa single-mode. Kuwala kumatayikira polumikizira pomwepo.

Nanga timaulusi tingati? Kulumikiza switch ina ndi inzake kumafuna timaulusi tiwiri, kena kotumiza, kena kolandira. Ndiye wina amati, ndigule chingwe cha timaulusi tiwiri basi. Ayi, bambo. Mlimi wa kachewere sasunga mbewu yongokwanira mizere yake ndendende. Ikani timaulusi 12 panjira iliyonse, nyumba ikakhala yaikulu 24. Tiwerengere limodzi: nsanjika 4, njira 2, timaulusi 12, zonse pamodzi 96. Tambiri tidzagona osagwira ntchito zaka zoyambirira. Koma makamera adzafuna tawo, banki ya pansi idzafuna takayokha tosasakanikirana ndi ena, ndipo kena kakadzathyoka mudzangosamukira pa kanzake. Ndalama zambiri pa ntchito imeneyi zimapita kwa amisiri okoka ndi kulumikiza. Kuwaitana kawiri n'kodula kuposa kugula chingwe chonenepa kamodzi.

(PHOKOSO LA MSIKA PANG'ONO)

WOULUTSA: Ndilankhule tsopano ndi inu amisiri, achimwene ndi achemwali amene mumagwira chingwe ndi manja.

Faiba ndi galasi. Igwireni monga mayi amagwirira dengu la tomato wakupsa. Isapindidwe ngati waya womangira mpanda. Lamulo lodziwika ndi lakuti popinda pasathine kuposa kunenepa kwa chingwe kuchulukitsa ka 10 chikakhala chagona, ndi ka 20 pamene mukuchikoka. Chingwe chonenepa milimita 10 mukachikulunga, mkombero wake usachepere mbale ya nsima. Mukapinda mothina, kuwala kumathawira pambali, ndipo galasi limachita ming'alu imene diso siliona, n'kudzathyoka patapita miyezi.

Pokoka, gwirani ulusi wolimba umene opanga anaika m'katimo, osati khungu. Chingwe chokwera m'mwamba chimangiriridwe pa nsanjika iliyonse kuti chisalendewere ndi kulemera kwake konse, ndipo zomangira zisachifinye. Ngati n'kotheka, kwezani mpukutu pamwamba, muzitsitsa chingwe pansi, m'malo mochikoka chokwera.

Mdani wamkulu wa faiba ndi fumbi, ndipo fumbi la Okutobala mukulidziwa. Kumbukirani kuti mtima wa single-mode ndi ma micron 9. Kachitsotso kamene simungakaone kangathe kutseka njira ya kuwala monga mwala umatsekera ngalande ya kudimba. Kamutu kalikonse kolumikizira, kaya ndi LC kapena SC, kakhale kovala chipewa chake mpaka nthawi yolumikiza. Musanalumikize, yang'anani ndi chipangizo choyang'anira, pukutani ndi chopukutira chake, yang'ananinso. Malaya anu si chopukutira, ndipo kuuzira ndi pakamwa kumangowonjezera chinyezi.

Dzisamaleninso nokha. Musasuzumire kumapeto kwa faiba ndi diso. Kuwala kwake sikuoneka, koma kungathe kuvulaza diso. Tizidutswa timene timagwa podula ndi takuthwa kuposa minga ya chisoso, ndipo tikalowa m'khungu sitioneka. Titoleni m'kabotolo kotseka. Pamalo olumikizira faiba si podyera chimanga chokazinga.

Pali makoswe. Khoswe sadziwa kuti chingwe n'chodula. Kumene amadutsa, ikani chingwe chokhala ndi chovala chachitsulo, kapena chilowetseni m'paipi yotseka bwino. Koma chovala chachitsulocho chimanyamula magetsi, choncho chilumikizidwe ku nthaka, makamaka pamene chingwe chakunja chikulowa m'nyumba.

Pali moto. Mpata wokwerera zingwe uli ngati chumuni. Moto ukabuka pansi, utsi umathamangira momwemo. Gulani chingwe cha m'nyumba chimene khungu lake silifuka utsi wambiri wakupha, cholembedwa LSZH. Mukatha kuyala, bowo lililonse la pa silabu litsekedwe ndi zotsekera zosagwira moto, osati mapepala a simenti kapena siponji. Pamenepa sitikunenanso za intaneti. Tikunena za miyoyo ya anthu a pa nsanjika yachinayi.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Faiba ilibe ntchito magetsi akazima. Kuwala kuja kumayatsidwa ndi makina, ndipo makina amadya magetsi. Tonse tikukumbukira Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene akumanga nyumba ya maofesi m'Malawi ayenera kuwerengera kuzima kwa magetsi pa pulani pomwe.

Chipinda chachikulu chikhale ndi mabatire a UPS ogwirizira mpaka jenereta kapena sola italowa. Koma musaiwale tizipinda ta pamwamba. Chipinda chachikulu chikamayaka, kachipinda ka pa nsanjika yachitatu katazima, a pa nsanjika imeneyo alibe netiweki. Kachipinda kalikonse kakhale pa mzere wa magetsi wotetezedwa. Mabatire amakalamba, ayesedwe, ndipo akatopa asinthidwe. Makina amatentha, choncho mpweya uzilowa ndi kutuluka. Chisanu cha Juni cha pa Lizulu chisakunamizeni. Kachipinda kotseka kokhala ndi makina kamatentha ngakhale kunja kuli nkhungu.

Chotsiriza pa ntchito, ndipo apa eni nyumba tcherani khutu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kabati yooneka bwino ndi timagetsi tophethira si umboni wakuti ntchito yatha. Musanapereke ndalama yomaliza kwa kontirakitala, akupatseni zinthu zitatu m'manja. Choyamba, zotsatira za kuyeza kaulusi kalikonse, ngakhale timene sitikugwira ntchito. Pali chipangizo chowunikira mbali ino n'kuyeza kuwala kumene kwafika mbali inayo, ndipo pali OTDR, imene imaloza mtunda weniweni pamene pali vuto. Chachiwiri, chingwe chilichonse chilembedwe dzina kumapeto konse kuwiri. Chachitatu, chithunzi cha nyumba chosonyeza mmene zingwe zadutsadi, osati mmene zinkayenera kudutsira. Pepala lina likhale kwa inu, lina m'chipinda cha makina. Mmisiri amasamuka, amadwala, amamwalira. Nzeru za nyumba yanu zisapite naye.

Ndiye muchite mayeso amene ine ndimawakonda. Imani m'chipinda chachikulu, anthu ali pa ntchito pamwamba, muuze mmisiri kuti azule chingwe chimodzi cha msana inu mukuona. Netiweki ikapitirira, abwezeretse, azule chinacho. Ikapitiriranso, mulipireni ndi mtima woyera. Akayamba kuzengereza, mwadziwa kuti njira yachiwiri ili papepala pokha.

(NYIMBO. PHOKOSO LA MSIKA LIBWERERE PANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma ndisiye mawu kwa magulu atatu.

Kwa inu achinyamata a Ntcheu ndi Dedza, anyamata ndi atsikana omwe: kulumikiza faiba ndi luso la manja odekha ndi maso akuthwa. Manja amene amaokera mbande za anyezi popanda kuthyola muzu angathe kuligwira. Funsani za maphunziro a zamagetsi ndi zamakompyuta m'makoleji a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo. Nyumba zikumangidwa, ndipo zikufuna amisiri okhulupirika.

Kwa ife tonse okhala m'mbali mwa msewu: m'chingwe cha faiba mulibe mkuwa. Wochidula sapezamo choti akagulitse, koma amadula ndalama ya Airtel Money ndi Mpamba imene mayi wa tomato akuidikira kuchokera ku Limbe, amadula uthenga wa kuchipatala, amadula maphunziro a mwana. Mukaona wina akukumba pamene pali zizindikiro za chingwe, kapena moto wolusa ukuyandikira mapolo, dziwitsani amfumu kapena apolisi.

Kwa inu amene mukusunga ndalama zomangira: pitani kwa wojambula pulani wanu sabata ino, njerwa isanagone ndi imodzi yomwe. Mumufunse chipinda cha makina, tizipinda tosanjikizana, ndi mipata iwiri yokwerera zingwe, wina kum'mawa, wina kumadzulo. Mukatero mwaipatsa nyumba yanu msana umene udzasenze ana ndi adzukulu anu.

Kuchokera pano pa Lizulu, tsalani bwino, tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.

(NYIMBO YOTSEKERA IKWERE MPAKA KUMAPETO)